Tirigu ali m'nkhokwe, sitima sikubwera: njira zomwe mlimi wa ku Canada ali nazo

Mu Januwale, kumidzi ya ku Saskatchewan, mlimi amadzuka kusanache n'kuyamba wayang'ana foni asanalize thiraki. Akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi ku elevator akulandira lero? Elevator ndi chinkhokwe chachitali cha simenti kapena chitsulo, cha kampani yogula mbewu, chomangidwa m'mbali mwa njanji. Mlimiyo anasainirana nawo kale kuti tirigu wake adzapereka mu Novembala. Novembala inadutsa, Disembala inadutsa. Uthenga ukabwera woti nkhokwe yadzaza chifukwa mabogi sanafike, tsiku limenelo lapita. Tirigu ali pakhomo, wouma bwinobwino, wogula alipo, koma m'thumba muli mbee, ndipo ngongole ya feteleza ndi ya makina okololera sidziwa kuti sitima yachedwa. Nthawi yomweyo, makilomita oposa 1,500 kumadzulo, zombo zaima pa nangula kunja kwa doko la Vancouver kudikira tirigu yemweyo.

Zigawo zitatu za Alberta, Saskatchewan ndi Manitoba, zomwe amazitcha Prairies, zimalima tirigu, kanola (mbewu yoyengera mafuta), barele, oti, nsawawa ndi mphodza zochuluka kuposa zomwe anthu ake angadye. Zambiri ziyenera kutuluka m'dziko. Koma zigawozi zili pakatikati pa kontinenti, ndipo mulibe mtsinje woti n'kuyendetsapo katundu ngati momwe alimi a ku America amachitira ndi Mississippi. Thiraki yaikulu ya ngolo ziwiri imanyamula matani 40 ndi kanthu. Bogi imodzi ya sitima imanyamula matani 90 mpaka 100. Sitima imodzi ya mabogi oposa 100 ndiye kuti yachotsa mathiraki oposa 200 pamsewu, ndipo chombo chimodzi chapakatikati chimameza sitima zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mukawerengetsa choncho muona nokha kuti nkhani yotumiza tirigu ku doko pa thiraki palibe. Njanji ndiyo njira, ndipo makampani akuluakulu a njanji alipo awiri okha: CN, ndi CPKC yomwe kale inali CP isanaphatikizane ndi Kansas City Southern mu 2023. Ma-elevator ambiri ali pa njanji ya kampani imodzi mwa ziwirizi. Ikachedwa, kodandaula kulipo, koma kothawira kulibe.

Chaka chomwe aliyense amatchula ndi 2013. Mvula inagwa bwino, alimi akumadzulo kwa Canada anakolola matani pafupifupi 76 miliyoni, zomwe zinali zisanaonekepo. Walira mvula walira matope: chisanu cha chaka chimenecho chinali choopsa, sitima zinalephera, zombo makumimakumi zinaima pagombe la kumadzulo. Mu Malichi 2014 boma linachita kulamula kuti CN ndi CP aliyense azinyamula matani 500,000 a mbewu pa sabata, apo ayi chindapusa. Chomwe alimi anaphunzira chaka chimenecho ndi mawu akuti basis. Uku ndi kusiyana kwa mtengo wa pamsika waukulu ndi mtengo womwe elevator ikukupatsani pakhomo pake. Mabogi akasowa, kampani siuza mlimi kuti usabwere. Imangotsitsa mtengo mpaka mlimi aleke yekha. Ku Vancouver tirigu anali wodula, kumudzi anali wotchipa, ndipo ndalama ya pakatipo, yomwe inafika mabiliyoni a madola, siinalowe m'thumba la mlimi. Choncho poyerekeza njira zili m'munsimu funso langa si loti yaifupi ndi iti. Ndikufunsa kuti ikatsamwa, amalipira ndani.

Kumadzulo, ku Vancouver

Iyi ndiyo njira yaikulu, imatenga mbewu zoposa theka la zonse zopita ku madoko, pakuti ogula akuluakulu ali ku Asia: China, Japan, Indonesia ndi ena. Doko lake siliundana chaka chonse, makampani onse awiri a njanji amafikako, ndipo nkhokwe zapadoko zilipo zingapo. Ya kampani ya G3, yomwe inatsegulidwa mu 2020 ku North Vancouver, ili ndi njanji yozungulira moti sitima imatsitsa katundu ikuyenda pang'onopang'ono osadula mabogi. Nawo ma-elevator atsopano akumudzi amamangidwa chimodzimodzi, ndipo sitima za mbewu zatalika mpaka makilomita awiri ndi theka. Zinthu zikamayenda bwino, palibe njira ina yomwe ingapikisane nayo pa mtengo.

Vuto ndi lakuti pakati pa munda ndi nyanja pali mapiri, ndipo sitima iyenera kuwadutsa m'miyezi yomwe katundu wachuluka kwambiri, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, yomwenso ndi miyezi yachisanu. Mabuleki a sitima amagwira ndi mpweya wodutsa m'paipi kuchokera ku injini mpaka ku bogi yomaliza. Kukazizira kufika madigiri 25 pansi pa ziro, timphira ta m'malumikizidwe timauma gwa, mpweya umathawa, ndipo bogi za kumchira sizimva. Mankhwala ake n'kufupikitsa sitima. Koma mukadula sitima imodzi kukhala ziwiri mufunika mainjini ena, madalaivala ena, komanso mpata wina pa njanji yomwe m'malo ambiri ndi ya mzere umodzi. Makampani a njanji akamanena zimenezi alimi amati n'chonamizira cha chaka ndi chaka, poti chisanu ku Canada sichibwera modzidzimutsa. Pamenepo alimi akunena zoona. Komanso ngozi yake si nthano. Pa 4 Febuluwale 2019 sitima ya tirigu ya mabogi 112 inaimikidwa pamtsetse pafupi ndi tauni ya Field ku British Columbia, usiku wozizira koopsa. Mabuleki anamasuka okha, sitima inathamanga kutsetsereka n'kugubuduzika, ndipo anthu atatu ogwira ntchito m'sitimamo anamwalira.

Mukadutsa mapiri muli m'chigwa chopanikiza cha mitsinje ya Thompson ndi Fraser. Kumeneko njanji ziwirizi zimayenda moyang'anana, ina tsidya lino ina tsidya lina, ndipo makampaniwo anagwirizana kuti sitima zonse zopita kumadzulo zizidutsa pa ya CN, zobwerera pa ya CPKC. N'zanzeru, zimachulukitsa sitima zodutsa. Koma zikutanthauzanso kuti pamenepo njanji ziwiri zasanduka imodzi. Moto womwe unapsereza mudzi wa Lytton kumapeto kwa Juni 2021 unaimitsa zonse. Mu Novembala chaka chomwecho chimvula chinakokolola milatho ndi misewu, Vancouver inadulidwa kwa dziko lonse, CP inatsegula patatha sabata ndi kanthu, CN mpaka kumayambiriro kwa Disembala.

Ndipo ngakhale mwafika mumzinda simunafike. Nkhokwe za makampani a Richardson, Cargill ndi G3 zili kutsidya la kumpoto kwa doko, ndipo njira yaikulu yofikirako ndi ngalande yapansi pa nthaka ya mzere umodzi yomwe imatulukira pa mlatho wa Second Narrows, nawonso wa mzere umodzi. Mlathowo umatukulidwa chombo chikamadutsa, ndipo zombo za mafuta zachuluka chiyambire 2024 pomwe paipi ya mafuta ya Trans Mountain inakuzidwa. Pamlatho womwewo pakudutsanso feteleza wa potashi ndi malasha. Kenako pali mvula. Vancouver ndi mzinda wamvula, tirigu safuna kunyowa, ndiye ikamagwa kupakira m'chombo kumachedwa kapena kuimiratu. Chombo chikapanda kudzaza nkhokwe yapadoko sipungulika, mabogi satsitsidwa, sabwerera kumudzi, ndipo foni ya mlimi uja ku Saskatchewan imalira ndi uthenga womwe uja.

Za masitiraka ndingodutsa mwachangu: CN inaima masiku 8 mu Novembala 2019, pa 22 Ogasiti 2024, nthawi yokolola itangoyamba, makampani onse awiri anatsekera antchito kunja nthawi imodzi mpaka boma linalowererapo, mwezi wotsatira ogwira ntchito m'nkhokwe za mbewu ku Vancouver ananyanyala masiku angapo. Njovu zikamalimbana wovutika ndi udzu.

Prince Rupert

Kumpoto kwa gombe lomwelo kuli Prince Rupert, doko lakuya, losaundana, loyandikira ku Asia kuposa Vancouver, lopanda chipwirikiti cha mumzinda. Njanji ya CN yopita kumeneko imadutsa pa Yellowhead, pomwe mapiri ndi otsikirapo, sitima sivutika kukwera. Kwa mlimi wa kumpoto kwa Alberta ndi Saskatchewan ndi njira yabwino. Koma nkhokwe yaikulu ya mbewu ndi imodzi, njanji ndi imodzi, kampani ndi imodzi. Amene ali pa CPKC njirayi amangoimva. Ndipo moto wa ku Jasper mu Julayi 2024 unaonetsa kuti pa malo amenewo sitima za CN za ku Prince Rupert ndi za ku Vancouver zimadutsa pakhosi limodzi.

Kum'mawa, ku Thunder Bay

Kale iyi ndiyo inali njira yaikulu, nthawi yomwe tirigu wa Canada ankapita ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, kenako ku Soviet Union. Thunder Bay ili pa nyanja ya Superior. Sitima imatsitsa kumeneko, mbewu zimalowa m'zombo za m'nyanja zikuluzikulu za kumeneko, zimatsika kudzera m'ngalande za St. Lawrence Seaway zomwe zinatsegulidwa mu 1959, n'kukasamutsidwira m'zombo za panyanja yamchere ku madoko a ku Quebec. Zombo zina zakunja zimakwera mpaka ku Thunder Bay komweko.

Ubwino wake ndi wooneka. Mapiri palibe, makampani onse awiri a njanji amafikako, nkhokwe ndi zazikulu ndipo malo alipo, komanso kwa mlimi wa ku Manitoba ulendo ndi waufupi moti bogi imabwerera msanga. Tirigu wolimba wa durum, wopangira pasta ndi couscous, yemwe amagulidwa ku Italy, Morocco ndi Algeria, njira iyi imamuyenera. Kuipa kwake ndi kuwiri. Koyamba, mbewu zikamatsitsidwa ndi kukwezedwa kawiri mtengo umakwera. Kachiwiri, ndipo n'kumene kumapweteka, madzi amaundana: njirayi imatseka mu Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi. Ndiye kuti miyezi yomwe kumadzulo kwatsamwa kwambiri ndi yomweyonso imene kum'mawa kwatsekedwa. Ena amatumiza pa sitima mpaka ku Montreal nthawi yachisanu, koma ulendowo ndi wautali ndipo bogi imasowa pakhomo masabata ambiri. Ndingati Thunder Bay ndi njira ya munthu wofulumira: gulitsani kuyambira Seputembala mpaka Disembala, kapena dikirani Epulo.

Churchill, njira yomwe andale amaikonda

Mukayang'ana mapu, mtima umakopeka. Churchill ili pa Hudson Bay, kumpoto kwa Manitoba, ndipo kwa mlimi wa kumpoto chakum'mawa kwa Saskatchewan ndiyo nyanja yamchere yapafupi kuposa ina iliyonse. Njanji inafika kumeneko mu 1929, doko linayamba kutumiza tirigu mu 1931. Kwa zaka zambiri lomwe linkalisunga ndi bungwe la Canadian Wheat Board, lomwe linali lokhalo lololedwa kugulitsa kunja tirigu ndi barele wa kumadzulo, ndipo linkasankha lokha kuti katundu adutse pati. Mphamvu imeneyo inachotsedwa pa 1 Ogasiti 2012. Makampani omwe anatsala ali ndi nkhokwe zawozawo ku Vancouver ndi ku Thunder Bay. N'chifukwa chiyani angatumize katundu ku nkhokwe ya eni ake? Katundu anachepa, ndipo mu 2016 kampani ya ku America yomwe inali mwini wake, OmniTRAX, inatseka doko. Mu Meyi 2017 madzi osefukira anakokolola njanji m'malo ambiri, tauniyo, yomwe ilibe msewu, inakhala chaka ndi theka popanda sitima. Amene amakumbukira momwe madzi anadulira njanji pa Chiromo mu 1997 akudziwa momwe mzere wa kumathero umaiwalikira ukangoduka. Churchill inachita mwayi: mu 2018 gulu la Arctic Gateway, momwe muli mitundu ya eni nthaka ndi midzi ya m'mbali mwa njanjiyo, linagula n'kukonza, ndipo boma laikamo ndalama zambiri kuchokera nthawi imeneyo.

Komabe mlimi awerenge mofatsa. Makilomita oposa 800 kuchokera ku tauni ya The Pas, mbali yaikulu njanji yagona pa madambo ndi pa nthaka youndana yomwe ikusungunuka, ndiye sitima zimayenda pang'onopang'ono ndipo kukonza sikutha. Nyengo ya zombo ndi miyezi itatu kapena inayi, kuyambira chakumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Mbewu zatsopano zimayamba kutuluka m'munda chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, kotero zomwe zinkadutsa ku Churchill makamaka zinali zogonera za chaka chapitacho. Ngakhale m'zaka zake zabwino dokoli linkatumiza matani theka la miliyoni kapena kupitirirapo pang'ono, zomwe kampani imodzi ya njanji imanyamula pa sabata. Kwa anthu akumpoto njanjiyi ndi moyo, ndipo pa chifukwa chimenecho iyenera kukhalapo. Koma wina akakuuzani pa msonkhano wa kampeni kuti Churchill ithetsa kuthithikana kwa mu Febuluwale, m'funseni kuti chombo chidzadutsa bwanji pa ayezi.

Kummwera, ku America

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani ya njanji wovumbwa ndi wa phanga limodzi. Mlimi wokhala pafupi ndi malire a North Dakota kapena Montana angathe kukweza thiraki n'kukagulitsa kutsidya, pa elevator yomwe ili pa njanji ya BNSF, kampani ya ku America. Ku Northgate, kummwera chakum'mawa kwa Saskatchewan, kuli malo opakirira omwe njanji yake imalumikizana ndi BNSF mwachindunji. Oti wambiri wa ku Manitoba ndi Saskatchewan amapita ku zigayo za ku America, ndipo chiphatikizireni CPKC ili ndi mzere umodzi wofika mpaka ku Mexico. Chaka cha 2014 amene anali pafupi ndi malire anapulumukirako.

Malire ake ndi mtunda. Thiraki ikangopitirira makilomita mazana awiri kapena atatu, phindu lonse lathera mu dizilo ndi malipiro a dalaivala, ndipo chisanu chikamatha, nthaka ikamasungunuka, maboma a zigawo amachepetsa katundu wololedwa pa misewu yakumidzi. Palinso magiredi osiyana, mapepala a pa malire, kusinthasintha kwa dola, ndiponso misonkho yomwe imatha kubwera ndi mphepo ya ndale za ku Washington.

Apa ndi pomwe pali nkhondo ya lamulo yomwe anthu akunja saimva kawirikawiri, yotchedwa interswitching. Lamulo limati ngati elevator yanu ili pa njanji ya kampani imodzi koma pafupi pali mphambano yokumana ndi kampani ina, yoyambayo iyenera kukokera mabogi anu ku mphambanoko pa mtengo woikidwa ndi boma. Mtunda wake wanthawi zonse ndi makilomita 30, womwe ku Prairies ndi ngati kuseri kwa nyumba. Mu 2014 anaukuza kufika 160, ma-elevator ambiri mwadzidzidzi anakhala ndi kosankha, ena mpaka BNSF. Zinatha mu 2017, anaziyesanso kwa miyezi 18 kuyambira mu Seputembala 2023. Makampani a njanji amadana nazo, amati zimachedwetsa mabogi ndipo zimapereka ntchito kwa Amereka. Ogulitsa mbewu amati ngakhale osaigwiritsa ntchito, kungokhala nayo kumachititsa kuti foni yako iyankhidwe. Ine ndili mbali ya achiwiriwa.

Kudzipakirira nokha, ndi tinjanji tating'ono

Mu 1902 alimi a ku Sintaluta, ku Saskatchewan, anatengera kukhoti wogwira ntchito wa CP chifukwa chopereka mabogi kwa makampani a ma-elevator okha, ndipo anapambana. Ufulu umenewo udakalipo m'malamulo: mlimi angathe kuitanitsa bogi yakeyake kudzera ku bungwe la boma la Canadian Grain Commission, n'kuidumpha elevator. Ntchito yake ndi ya thukuta. Bogi imasiyidwa pa kanjanji kapambali, inu mumabwera ndi thiraki ndi chipaipi chokwezera mbewu cholumikiza ku thirakitala, mumakwera pamwamba kutsegula zivundikiro, mumayang'ana ngati m'kati mulibe zotsalira za katundu wina ndiponso ngati zitseko zapansi zatsekeka, kenako maulendo awiri ndi theka a thiraki yaikulu kuti idzaze, mphepo ikukubayani kumaso. Mwapulumutsa ndalama ya elevator, madola angapo pa tani iliyonse. Koma wogula muyenera kukhala naye kale, sikelo ndi giredi zikawerengedwa kofikira inu kulibe, ndipo ndalama imabwera mochedwa. Makampani akuluakulu a njanji amakonda sitima yathunthu yochokera malo amodzi. Bogi ziwiri zitatu za mlimi zimakhala kumchira kwa mzere, ndipo malo ambiri opakirira anatsekedwa.

Komwe njirayi imagwira ntchito ndi komwe alimi anagwirizana. Mitengo ya mayendedwe yotsika yomwe inayamba ndi pangano la boma ndi CP lotchedwa Crow mu 1897 itathetsedwa mu 1995, njanji zambiri za nthambi zinasiyidwa, ndipo ma-elevator amatabwa, omwe m'ma 1930 analipo oposa 5,000, anagwetsedwa mpaka kutsala mazana ochepa akuluakulu. M'madera ena anthu anasonkherana n'kugula nthambi zawo. Great Western Railway kummwera chakumadzulo kwa Saskatchewan ndi imodzi, Battle River Railway ku Alberta, yomwe ndi kopaletivi, ndi ina. Izi zimasonkhanitsa mabogi a alimi ambiri kukhala mulu woti kampani yaikulu iuone. Zimateteza misewu, zimasunga ntchito pamudzi. Koma kanjanji kakang'ono kamathera pa mphambano ya CN kapena CPKC, ndipo mabogi opanda kanthu amachokera komweko. Mwasintha wogula, khosi ndi lomwe lija.

Makontena ndiwatchule pomwepa. Amabwera kuchokera ku Asia ndi katundu wa m'masitolo, ndipo pobwerera amatha kunyamula matani 25 a mphodza, nsawawa kapena mbewu zina zapadera zopita kwa wogula wamng'ono. Kwa mbewu zodula ndi njira yabwino. Koma kontena ndi ya mwini chombo, ndipo mu 2020 ndi 2021 eni ake anaona kuti kuibweza msanga yopanda kanthu kukupindulitsa kuposa kudikira mphodza.

Osatumiza n'komwe

Njira yomwe yasintha zinthu kwambiri m'zaka zaposachedwa si ya ku doko lililonse. Ndi fakitale. Ku Yorkton, ku Saskatchewan, kuli mafakitale awiri oyenga mafuta a kanola, a Richardson ndi a Louis Dreyfus. Ku Clavet pafupi ndi Saskatoon kuli ya Cargill, ndipo ena akhala akukuzidwa kapena kumangidwa. Pafupifupi theka la kanola wa m'dzikomo amayengedwa konko. Fakitale imafuna mbewu tsiku lililonse chaka chonse, imalandira pa thiraki, ndipo siidikira chombo. Mlimi wa kanola wokhala pafupi ndi fakitale ali ndi ogula awiri opikisana, ndipo basis yake imaoneka. Zoona, mafuta ndi zotsalira zake zodyetsera ng'ombe zimatulukabe pa njanji, zambiri kupita ku America, koma sizilimbirana mlatho wa Second Narrows ngati mbewu yosayenga. Chiopsezo chake n'cha msika: mafakitalewa akuyang'ana kwambiri malamulo a ku America okhudza mafuta a galimoto ochokera ku zomera, ndipo China inaika msonkho wa 100 peresenti pa mafuta ndi zotsalira za kanola mu Malichi 2025.

Barele ndi tirigu wa giredi yotsika ali ndi makola a ng'ombe ozungulira Lethbridge ku Alberta ndi a nkhumba ku Manitoba. Mtengo ndi wa chakudya cha ziweto, koma ndi wa lero.

Yotsala ndi nkhokwe ya pakhomo, ndipo pa zonse ndatchulazi iyi yokha ndiyo ili m'manja mwa mlimi. Aliyense woyenda ku Prairies amaona mizere ya nkhokwe zachitsulo zonyezimira pa famu iliyonse, ndiponso m'minda zimatumba zoyera za pulasitiki zazitali ngati bwalo la mpira, chilichonse chosunga matani mazana awiri kapena atatu. Nkhokwe yachitsulo ndi yodula koma imakhala zaka makumi, ili ndi chokupizira mphepo pansi ndi tizingwe toyezera kutentha. Chithumba n'chotchipa, chimapulumutsa chaka cha zokolola zambiri, koma agwape ndi akhwangwala amachiboola, ndipo chikagona m'munda mpaka chipale chisungunuke thiraki imatitimira isanachifike. Kanola ndiye wovuta: akalowa ndi chinyezi pang'ono amatentha yekha m'kati, ukatsegula n'kupeza zakuda zonunkha, chuma cha chaka chonse chapita.

Kusunga kumafuna ndalama yodikirira. Boma lili ndi ngongole ya Advance Payments Program, yofika madola 1 miliyoni pa chikole cha zokolola, gawo lina lopanda chiwongoladzanja, ndipo cholinga chake n'chomwechi: kuti mlimi asagulitse pa nthawi yomwe basis yaipa. Amene ali ndi nkhokwe ndi ngongoleyi angathe kukana mtengo wa mu Febuluwale n'kugulitsa mu Juni, mabogi akuchita kusowa katundu. Amene alibe amagulitsa tsiku lomwe banki yaimba foni.

Pa mtengo wa sitima weniweniwo alimi ali ndi chishango chimodzi. Kuyambira mu 2000 boma limaika malire pa ndalama zomwe CN ndi CPKC angapeze pa tani ya mbewu zopita ku madoko a kumadzulo ndi ku Thunder Bay. Akapitirira amabweza, kuonjezapo chindapusa cha 5 peresenti, kapena 15 peresenti akapitirira kwambiri, ku thumba la kafukufuku wa mbewu. Makampaniwo amati malirewa amawafooketsa kugula zipangizo, ndipo mu 2018 lamulo linasinthidwa kuti wogula mabogi atsopano aziwerengeredwa payekha. Pomwepo onse awiri anaitanitsa mabogi zikwizikwi olowa m'malo mwa akale omwe boma linagula kuyambira m'ma 1970. Koma chishangochi chimateteza mtengo, sichilonjeza kuti bogi ifika Lachiwiri.

Ndikanakhala mlimi wa kum'mawa kwa Manitoba, ndikanathamangitsa tirigu ku Thunder Bay madzi asanaundane, oti n'kumuyang'anitsa kummwera. Pafupi ndi Yorkton kapena Saskatoon, kanola ku fakitale, tirigu ndikanagawa pakati pa ma-elevator awiri a njanji zosiyana ngakhale ina ikhale kutali ndi makilomita 40 ena, ndipo posaina ndikanayang'anitsitsa ndime yonena zomwe kampani indilipire ikalephera kulandira mwezi womwe tinagwirizana. Kummwera chakumadzulo kwa Saskatchewan, dziko la durum ndi mphodza, ndikanagula masheya mu kanjanji ka m'deralo n'kusunganso nambala ya wogula wa ku Montana. Wa ku Peace River, kumpoto kwa Alberta, ndiye ndilibe zambiri zomuuza. Njanji kumeneko ndi ya CN yokha, malire a America ali kutali makilomita chikwi, mphambano ya kampani ina ili ku Edmonton. Iye aonjezere nkhokwe ina, agulitse gawo lalikulu mu Seputembala ndi Okutobala chisanu chisanalume, zotsalazo azitseke mpaka Meyi.